JOHN SCOTT HALDANE, DOTOLO AMENE ADAPHUNZITSA OBIRA M'MADZI KUDEKHA

Pa doko la Chipoka, pamene njanji yochokera ku Blantyre idakumana ndi nyanja m'chaka cha 1935, dzina la John Scott Haldane silimveka m'kamwa mwa asodzi kapena amalinyero. Munthuyu adali wa ku Scotland, ntchito yake adaigwirira kutali ndi dziko lino, ndipo adamwalira patangopita chaka chimodzi njanjiyo itafika. Komabe aliyense amene amabereka botolo la mpweya kumsana ndi kubira, ndiko kulowa dala pansi pa madzi, kaya kukaona chimene chaonongeka kunsi kwa sitima, kaya kukagwira mbuna pa miyala ya zilumba za Maleri, moyo wake umadalira lamulo limene dotoloyu adalipeza pakati pa 1905 ndi 1908. Iye adaonetsa kuti ngozi yaikulu ya wobira imamudikira pobwerera pamwamba, ndipo uphungu wakale wakuti munthu azikwera pang'onopang'ono adausandutsa manambala enieni: pa kuya kwakuti aime, kwa mphindi zakuti.

Ubwana ndi maphunziro

Haldane adabadwira mumzinda wa Edinburgh m'mwezi wa Meyi 1860. Atate ake, a Robert Haldane, adali loya, ndipo amayi ake, a Mary Elizabeth, adakhala ndi moyo zaka 100. Banjali lidali lokonda mabuku. Mkulu wake Richard adadzakhala nduna yoona za nkhondo m'boma la Britain, ndipo mlongo wake Elizabeth adali mlembi wa mabuku. John adaphunzira pa yunivesite ya Edinburgh ndi ya Jena ku Germany, nalandira digiri ya udotolo mu 1884. Koma mtima wake sudali pa kulembera odwala mankhwala. Iye ankafuna kudziwa chimene chimadwalitsa anthu asanafike kuchipatala, makamaka mpweya umene amapuma pamalo ogona ndi ogwirira ntchito.

Ntchito yake yoyamba adaigwira ku Dundee pamodzi ndi Thomas Carnelley, katswiri wa kemisitili. Awiriwa ankalowa pakati pa usiku m'nyumba za amphawi, m'mene banja lonse linkagona m'chipinda chimodzi, nayeza mpweya wa m'menemo. Adayezanso wa m'masukulu ndi wa m'ngalande zonyansa za pansi pa mizinda. Chimene chidadabwitsa anthu n'chakuti mpweya wa m'ngalandemo udapezeka ndi tizilombo tochepa kusiyana ndi wa m'makalasi ena odzaza ana. Mphunzitsi amene amayamba tsiku ndi kutsegula mazenera ali ndi mboni yake pamenepa. Mu 1887 Haldane adasamukira ku Oxford kukathandiza atsibweni ake, a John Burdon-Sanderson, amene adali pulofesa wa kagwiridwe ka ntchito ka thupi la munthu, ndipo Oxford ndiye adakhala mudzi wake mpaka imfa.

Thupi lake ngati choyesera

Khalidwe limene lidamtchukitsa lidali lakuti chinthu choopsa ankayamba kuchiyesa pa thupi lake lomwe asanachiyese pa munthu wina. Ankadzitsekera m'bokosi losalowa mphepo kwa maola ambiri, napuma mpweya womwewo mobwerezabwereza, uku akulemba zimene ankamva. Adapumanso dala kaboni monokisaidi, mpweya wakupha wopanda fungo kapena maonekedwe, kufikira pafupifupi theka la mphamvu ya magazi ake yonyamula okosijeni litagwidwa. Mpweya umenewu ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula yamakala m'nyumba yotseka m'miyezi yozizira.

Mu Januwale 1896 mgodi wa malasha wa Tylorstown ku Wales udaphulika, ndipo anthu 57 adafa. Haldane adathamangirako nayeza mitembo. Anthu ankaganiza kuti pa ngozi zotere amuna amafa ndi moto kapena ndi kuphulikako, koma iye adapeza kuti ochuluka adaphedwa ndi kaboni monokisaidi wotsalira moto utazima. Nyale ya m'mgodi siichenjeza za mpweya umenewu, pakuti imayakabe munthu akufa. Tsono iye adalangiza kuti opulumutsa anzawo azitenga mbewa kapena kambalame m'khola, popeza tinyama tating'ono timapuma mofulumira ndipo timakomoka munthu akadali ndi mphamvu yothawira. Timbalame totchedwa canary tidagwira ntchito imeneyi m'migodi ya ku Britain mpaka 1986.

Mu 1904 iye ndi anzake adalemba lipoti la chifuwa chimene chinkapha anthu a m'migodi ya ku Cornwall. Adaonetsa kuti ofa kwambiri adali oboola miyala ndi makina, ambiri a iwo atagwirako ntchito m'migodi ya golide ya ku Transvaal, ndi kuti chowapha chidali fumbi la miyala lolowa m'mapapo. M'migodi yomweyo ya ku Joni ndi m'mene amuna ambirimbiri a dziko lino adapita kudzera ku Wenela, ena nabwerako ndi chifuwa chomwecho. Chaka chotsatira, pamodzi ndi J. G. Priestley, adatsimikiza kuti chimene chimalamula munthu kupuma kawirikawiri ndi kuchuluka kwa kaboni dayokisaidi m'thupi, osati kuchepa kwa okosijeni. Nzeru imeneyi ndiyo idamtsegulira njira ya kunyanja.

Matenda a tithovu

Kuti ntchito yake yaikulu imveke bwino, n'kofunika kufotokoza pang'ono za mpweya ndi madzi. Mpweya umene wazinga dziko uli ndi kulemera kwake, ndipo umapanikiza thupi mbali zonse ngakhale munthu sazindikira. Kupanikiza kumeneku, monga kumakhalira m'mphepete mwa nyanja zamchere, akatswiri amakuwerenga ngati muyeso umodzi. Madzi ndi olemera kwambiri kuposa mpweya, kotero kuti mamita 10 alionse amene munthu watsika amaonjezera muyeso wina wathunthu. Pa mamita 10 pali miyeso 2, pa mamita 30 pali 4, pa mamita 50 pali 6. Wobira sangathe kupuma pokhapokha mpweya umene akulandira utapanikizidwa mofanana ndi madzi omuzinga.

Mwa magawo 100 a mpweya, 78 ndi naitirojeni ndipo 21 ndi okosijeni. Okosijeni thupi limamugwiritsa ntchito, koma naitirojeni amangosungunuka m'magazi ndi m'minofu. Kupanikiza kukachuluka amalowa wambiri, ndipo munthu akakhalitsa pansi amalowa wambiri koposa. Malinga munthuyo ali pansi pomwepo, palibe chovuta. Koma akakwera mofulumira zimachitika zimene zimaoneka potsegula botolo la Fanta: mpweya umene udabisala m'madzi umatuluka mwadzidzidzi ngati thovu. Tithovu tikakhala m'mawondo, m'zigongono kapena m'mapewa, munthu amamva ululu wosaneneka, napindika. N'chifukwa chake Angerezi matendawa amawatcha bends, kutanthauza kupindika. Tikakhala mumtsempha wa msana, miyendo imachita dzanzi kapena kuferatu. Tikadzaza m'mitsempha ya mapapo kapena ya ubongo, munthu amafa.

Matendawa adazunza kwambiri omanga milatho, amene ankakumba maziko pansi pa mitsinje ali m'mabokosi aakulu opoperamo mpweya wotsekereza madzi. Pomanga mlatho wa Eads pa mtsinje wa Mississippi ku St. Louis cha m'ma 1870, anthu oposa 10 adafa nawo. Mu 1872 Washington Roebling, injiniya wamkulu wa mlatho wa Brooklyn ku New York, adalumala nawo, namaliza ntchitoyo ali m'chipinda chake, mkazi wake Emily akumnyamulira mauthenga. Mu 1878 katswiri wa ku France, Paul Bert, adaonetsa kuti tithovuto ndi ta naitirojeni, nalangiza kuti anthu azikwera pang'onopang'ono. Koma pang'onopang'ono wake wotani? Funso limeneli lidakhala lopanda yankho lokhazikika kwa zaka pafupifupi 30.

Mbuzi 85 ndi lamulo la theka

Mu 1905 akuluakulu a asilikali a pamadzi a ku Britain adakhazikitsa komiti yofufuza za kubira pakuya, ndipo Haldane adali mmodzi mwa mamembala ake. Obira a masiku amenewo ankavala chisoti chamkuwa ndi nsapato zamtovu, ndipo mpweya unkawafika kudzera m'paipi kuchokera pa pampu yopukusa ndi manja. Ambiri akatsika pakuya ankabanika, ena nakomoka, ndipo anthu ankati ndi kulemera kwa madzi. Haldane adayeza mpweya wa m'chisoti napeza kuti vuto lidali kaboni dayokisaidi wodzikundika m'menemo. Mankhwala ake adali apafupi: wobira akakhala pa miyeso 4, opukusa atumize mpweya wochuluka kanayi.

Vuto la kukwera lidafuna ntchito yaikulu. Ku Lister Institute mumzinda wa London kudali chipinda chachitsulo chonga thanki yaikulu, chimene adapereka Ludwig Mond, m'mene kupanikiza kwa mpweya kunkakwezedwa ndi kutsitsidwa mwakufuna. Pamodzi ndi dotolo Arthur Boycott ndi msilikali wachinyamata Guybon Damant, Haldane adayesamo mbuzi 85. Adasankha mbuzi chifukwa nyama zazing'ono ngati mbewa zimataya naitirojeni mofulumira kwambiri, pamene thupi la mbuzi likuyandikirako la munthu. Ndiponso mbuzi siibisa ululu: tithovu tikaigwira m'bondo, imatukula mwendowo. Zina mwa mbuzizo zidafa, ndipo mtengo umenewu suyenera kuiwalika pofotokoza mbiriyi.

Haldane adayambira pa chinthu chimene aliyense ankachidziwa koma osachilabadira. Munthu wogwira ntchito pa kuya kosapitirira mamita 10, ngakhale atakhalako tsiku lonse, ankatuluka msanga osadwala. Ndiye kuti thupi limapirira kuchoka pa miyeso 2 kufika pa muyeso umodzi. Iye adaganiza kuti chofunika si kuchuluka kwa mamita amene munthu wakwera, koma kuti kupanikizako kwachepa kangati. Ngati kuchoka pa 2 kufika pa 1 kulibe ngozi, ndiye kuti kuchoka pa 4 kufika pa 2, kapena pa 6 kufika pa 3, kuyenera kukhalanso kopanda ngozi, popeza mpweya wofuna kutuluka umafufuma kawiri basi. Mbuzi zidavomereza. Motero wobira amene ali pa mamita 50 angathe kukwera molunjika mpaka pa mamita 20, koma pamenepo aime.

Funso lachiwiri lidali la nthawi. Ziwalo zonse sizimwa naitirojeni pa liwiro limodzi. Zimene zimalandira magazi ambiri zimadzaza msanga ndi kutaya msanga, pamene mafuta ndi mfundo za mafupa zimachedwa mbali zonse ziwiri. Haldane adayerekeza thupi ngati nkhokwe 5, iliyonse ndi nthawi yake yodzazira theka: mphindi 5, 10, 20, 40 ndi 75. Nkhokwe ya mphindi 5 imadzaza theka pa mphindi 5, theka la malo otsala pa mphindi 5 zotsatira, ndipo pakutha theka la ola imakhala itatsala pang'ono kudzaziratu. Ya mphindi 75 imafuna maola oposa 7. Ndi masamu amenewa ankatha kuwerengera naitirojeni wa m'nkhokwe iliyonse pa mphindi iliyonse, ndi kudziwa nthawi imene wobira angasunthire pamwamba popanda nkhokwe ina kupyola malire a theka.

Apa ndi pamene adasiyana ndi akatswiri ena, monga Leonard Hill, amene ankakhulupirira kukwera pa liwiro limodzi lochedwa kuyambira pansi mpaka pamwamba. Haldane adaonetsa kuti njira imeneyo imataya nthawi pansi, pamene nkhokwe zochedwa zikumwabe naitirojeni, ndipo imafulumira pafupi ndi pamwamba, pamene ngozi ili yaikulu. Njira yake idali yochoka pansi msanga, kenaka kuima pa mamita 3 alionse, malo oimira akutalika nthawi munthu akamayandikira pamwamba. Malo otsiriza, pamene wobira akuona kale kunsi kwa bwato ndipo mtima uli pa kutuluka, ndi pamene ayenera kukhalitsa koposa. Pajatu akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuyesa m'madzi enieni

M'chaka cha 1906 komitiyo idapita ndi sitima yankhondo ya HMS Spanker ku Loch Striven, chigawo cha nyanja cholowa pakati pa mapiri kumadzulo kwa Scotland, pafupi ndi mathiriro a mtsinje wa Clyde. M'mbali mwa mtsinje womwewo ndi m'mene mudadzapangidwira sitima ya Ilala, imene idalowa m'nyanja ya Malawi mu 1951. Ku Loch Striven, Damant ndi msilikali mnzake Andrew Catto adatsika mikwamba 35, ndiyo mamita 64, kuya kumene kudali kusanafikidwepo pa ntchito yoyezedwa bwino, ndipo adatuluka ali bwinobwino. Haldane adalola ngakhale mwana wake Jack, wa zaka 13, kuvala chisoti ndi kutsika m'madzi osaya kwambiri, chinthu chimene makolo ambiri sakadachivomera.

Mu 1908 Boycott, Damant ndi Haldane adasindikiza zotsatira zake mu Journal of Hygiene, pamodzi ndi matebulo oonetsa kuya, nthawi yokhala pansi ndi malo oimira. Asilikali a pamadzi a ku Britain adayamba kuwatsata, ndipo a ku America adatengerako patapita zaka zochepa. Umboni waukulu udabwera ndi sitima ya Laurentic, imene idamira mu Januwale 1917 kumpoto kwa Ireland itanyamula mipiringidzo ya golide 3,211. Gulu lotsogozedwa ndi Damant lidagwira ntchito pa kuya kwa mamita pafupifupi 40 kuyambira 1917 mpaka 1924, libira maulendo oposa 5,000, nilivuula golide yense kupatula mipiringidzo 25. Pa obira onsewo sipadafe munthu ndi mmodzi yemwe.

Zaka zake zotsiriza

Haldane sadakhazikike pa nkhani imodzi. Mu 1911 adakhala milungu 5 pamwamba pa phiri la Pikes Peak ku America, lotalika mamita 4,300, kuphunzira m'mene thupi limazolowerera mpweya wochepa. Kuchokera kumeneko adalimbikira chiphunzitso chakuti mapapo ali ndi mphamvu yokankhira okosijeni m'magazi mwa iwo okha. Pamenepa adaphonya. August Krogh ndi mkazi wake Marie a ku Denmark, ndiponso Joseph Barcroft wa ku Cambridge, adaonetsa kuti okosijeni amangodutsa yekha kuchoka kumene ali wambiri kupita kumene ali wochepa, koma Haldane adaumirira ganizo lake mpaka imfa.

Mu Epulo 1915, asilikali a Germany atathira utsi wa kolorini ku Ypres pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, boma lidamtuma kukaona ophedwa ndi ovulala. Atabwerako adapuma yekha utsiwo poyesa zotchingira kukamwa ndi mphuno, ndipo mapapo ake adavulala. Adakonzanso chida choperekera okosijeni kwa ovulala. Buku lake lalikulu, Respiration, lidatuluka mu 1922, ndipo kuyambira 1924 mpaka 1928 adali pulezidenti wa bungwe la mainjiniya a migodi ku Britain, ngakhale iye adali dotolo. Ali ndi zaka 75 adapita ku Persia ndi ku Iraq kukafufuza za anthu okomoka ndi kutentha m'zitsime za mafuta. Atabwerera ku Oxford adadwala chibayo, namwalira pakati pa usiku wa pa 14 Malichi 1936.

Iye ndi mkazi wake Louisa Kathleen Trotter, amene adamkwatira mu 1891, adasiya ana awiri otchuka. Jack uja, wodziwika ndi dzina lakuti J. B. S. Haldane, adakhala katswiri wamkulu wa sayansi ya chibadwa. Mlongo wake, Naomi Mitchison, adalemba mabuku ambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1960 Abakgatla a ku Mochudi ku Botswana adamlandira ngati mayi ndi phungu wa mfumu yawo Linchwe II.

Obwera pambuyo pake

Lamulo la theka silidali langwiro. Pa maulendo aafupi linkachedwetsa wobira kuposa m'mene kumafunikira, ndipo pa maulendo aatali ndi akuya lidali lolekerera, kotero kuti ena ankadwalabe. Otsatira adaonjezera nkhokwe zochedwa ndi kupatsa iliyonse malire akeake. Albert Bühlmann wa ku Zurich adafikitsa nkhokwezo pa 16, yochedwetsetsa ikufuna mphindi 635 kuti idzaze theka. Masamu ake ndi amene ali m'makompyuta ambiri ovala pamkono ngati wotchi, amene amauza wobira pamene aime. Maziko ake ndi a Haldane omwe aja.

Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan atapanga mu 1943 chida chopumira mpweya wa m'botolo, kubira kudafika kwa anthu wamba. Obira mongosangalala sapitirira mamita 40, amakwera mamita 9 kapena 10 pa mphindi, ndipo amaima mphindi 3 pa mamita 5. Koma pali ena amene amapitirira pamenepo, kapena kulowa m'mapanga ndi m'sitima zomira, mtundu wa kubira umene Angerezi amautcha technical diving. Kwa oterewa nthawi yoima imene ali nayo ngongole imakhala ngati denga pamutu pawo: ngakhale zitavuta motani, sangathawire pamwamba. N'chifukwa chake ulendo wonse amaulemba asanalowe m'madzi, nawerengera mpweya wokwanira malo onse oimira ndi wina wapadera. Popeza naitirojeni amaledzeretsa munthu akapitirira mamita 30, ndipo okosijeni wopanikizidwa kwambiri amagwetsa ngati khunyu, mpweya wa pansi amausakaniza ndi hiliyamu. Pokwera amasinthira ku mabotolo a okosijeni wochuluka kuti atulutse msanga mpweya wosungunuka, koma okosijeni wosasakaniza saupuma kupitirira mamita 6. Botolo lililonse amaliyeza ndi kulilemba kuya kumene lingapumidwe, pakuti kupuma botolo lolakwika pa kuya kolakwika kwapha akatswiri ambiri.

Phanga lamadzi la Boesmansgat ku Northern Cape, m'dziko la South Africa, likuonetsa kukula kwa ngongole imeneyi. Mu 1996 Nuno Gomes adatsika mamita 282 m'menemo. Kutsika kudamtengera pafupifupi kotala ya ola, koma kukwera kudamtengera maola 12. Mu Januwale 2005 Dave Shaw wa ku Australia adafera pa mamita 270 m'phanga lomwelo poyesa kuvuula mtembo wa Deon Dreyer, amene adamira mu 1994. Mnzake Don Shirley, amene adamtsatira, adagwidwa ndi matenda a tithovu m'kati mwa khutu, nachita chizungulire ndi kusanza. Adagwiritsa chingwe napitiriza kuima malo ndi malo kwa maola ambiri, ndipo adapulumuka.

Phunziro la pa nyanja ya Malawi

Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto, ndipo obira ndi mabotolo akhala akugwiramo ntchito kwa zaka zambiri. Kafukufuku wamkulu wa mbuna wa A. J. Ribbink ndi anzake, wosindikizidwa mu 1983, adachitika mwa njira imeneyi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 malemu Stuart Grant adaphunzitsa anyamata a m'mbali mwa nyanja kugwira nsomba zokongola zotumiza kunja kuchokera ku Kambiri, m'boma la Salima. Ogwira nsomba zoterezi amadziwa kuti yogwidwa pakuya ikakwezedwa msanga, kathumba kake ka mpweya kamafufuma, mimba n'kutupa, nsombayo n'kufa. Tsono amaisiya m'khola pansi pa madzi ndi kuikweza pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Vuto la nsomba ndi mpweya wa m'kathumba, la munthu ndi mpweya wosungunuka m'magazi, koma mankhwala ake ndi amodzi. Msodzi wa khoka la nkacha ku nyanja ya Malombe, amene amabira ndi mpweya wa m'chifuwa mwake kwa kanthawi kochepa, ali ndi ngozi zina. Matenda a tithovu amalonda makamaka wopuma mpweya wopanikizidwa wa m'botolo kapena wa m'paipi.

Pali mfundo ina imene lamulo la Haldane limaunikira bwino. Matebulo ambiri adawerengedwa poganiza kuti wobira adzatulukira pa nyanja yamchere, pamene pali muyeso umodzi wathunthu. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470, ndipo mpweya wa pa Chipoka ndi wopepukirapo ndi gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 20. Popeza chofunika ndi kuti kupanikiza kwachepa kangati, wotulukira mu mpweya wopepuka amakhala ngati wachokera pakuya koposa. N'chifukwa chake mabungwe ophunzitsa kubira amalamula kuti pa madzi ali pamtunda wopitirira mamita 300 matebulo akonzedwe, kapena kompyuta iuzidwe za mtundawo.

Ndiponso kukwera sikuthera pa gombe. Munthu amene watuluka m'madzi pa Chipoka nakwera galimoto ya ku Lilongwe amakafika pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo wodzera msewu wa Golomoti kupita ku Dedza amakafika pa mamita pafupifupi 1,600, pamene mpweya wapepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 6. Nkhokwe zochedwa zija zimakhala zisanathe kutaya naitirojeni, ndipo phiri limapitiriza ntchito imene madzi adaisiyira panjira. Malangizo odziwika a okwera ndege ndi akuti adikire maola osachepera 12 atabira kamodzi kosafuna malo oimira, maola 18 atabira kangapo, ndi tsiku lathunthu kapena kuposa ngati ulendowo udali wa malo oimira. Wanzeru amagona kunyanja usiku umenewo asanayambe chikweza cha kumapiri.

Zizindikiro zikaoneka, monga ululu m'mfundo, dzanzi, chizungulire, kutopa kosadziwika bwino kapena kulephera kukodza, wodwala agonekedwe, apatsidwe okosijeni wosasakaniza, ndipo atengeredwe kuchipatala msanga, adotolo auzidwe kuti munthuyo adabira. Asasisitidwe ndi madzi otentha kapena kubwezedwa m'nyanja. Mankhwala enieni ndi chipinda chachitsulo chonga chija cha mbuzi za ku London, chimene chimapanikizanso thupi kuti tithovu tisungunuke. Zipinda zotere zimapezeka m'mizinda ikuluikulu ya ku South Africa, ulendo wautali kuchokera pa Chipoka, ndipo kutalika kwa ulendowo ndi chifukwa chokwanira chakuti wobira wa kuno asadule ngakhale mphindi imodzi pa nthawi yake yoima.

Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu amene akufuna ntchito ya pansi pa madzi, kaya ya padoko, ya zokopa alendo kapena ya kafukufuku wa nsomba, ayambe wapeza mphunzitsi wovomerezeka, ndipo asanyoze masamu a tizigawo ndi fizikisi ya mpweya imene adaiphunzira m'kalasi. Haldane sadali katswiri wosambira. Adali munthu woyeza, wowerengera ndi woyesanso, ndipo zida zake zidali mabotolo a mpweya, wotchi, pensulo ndi mbuzi. Ndi zimenezo adapatsa obira a dziko lonse lapansi njira yobwererera kwawo, ndipo njirayo ikutsatidwabe patapita zaka zoposa 100.